Tinkazenga mlandu dzuwa likuswa mtengo

Kwathu kumene kudagwera mchombo wanga, kuseri kwa mapiri a Dedza, munthu sankafunsidwa mlandu ali yekha. Kaya ndi mbala yodziwika mudzi wonse, kaya ndi mkamwini wobwera dzana amene sadadziwe n'komwe njira ya kudambo, akangomuganizira choipa, choyambirira chinali kutuma mnyamata wopepuka miyendo kuti akaitane eni ake a munthuyo. Eni akewo ndiye atsibweni ake, mwini mbumba, kapena ankhoswe ngati nkhaniyo yakhudza banja, ndipo bwalo linkadikira, kaya papite tsiku kaya papite sabata, kufikira iwowo atafika, atalonjeredwa, atamwa madzi a m'chikho ndi kupumitsa mapazi. Akuluakulu ankati mlandu suwola, choncho panalibe chothamangira. Chimene ankaopa n'kugamula nkhani ya munthu wopanda womuyankhulira.

Bwalo lathu linali pansi pa kachere, pamalo oseseka bwino pamene nthaka idachita kuuma gwa ndi mapazi a mibadwo, ndipo mpaka lero, ngakhale maso anga achita nkhungu, fungo la pamenepo silindichoka m'mphuno: fodya wopera amene madoda ankapatsirana kuchokera m'kansupa, utsi wa chitsa chonyeka pang'onopang'ono m'miyezi yozizira, ndi thukuta la anthu ochokera kumunda asanasambe. Abambo ankakhala mbali iyi pa zikumba ndi timipando tosema, amayi mbali iyo atatambalala pamphasa, makanda ali kumsana, ndipo ife ana tinkazemba n'kukanjuta kumbuyo kwa mizu, podziwa kuti tikangoseka tithamangitsidwa. Mfumu sinkayankhula msanga. Inkangoti duu, maso pansi, chala chikulembalemba m'dothi. Oyankhula anali nduna zake, ndipo imodzi mwa ndunazo inali atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi, munthu wa mawu apansipansi amene sindidawamvepo akukalipa pabwalo.

Ankayamba ndi wodandaula, afotokoze zake zonse mpaka malovu aume, popanda womudula pakamwa. Akamaliza, nduna inkabwereza mawu ake onse kuti ngakhale agogo ogontha amve, n'kumufunsa kuti, "Mwatero kodi?" Iye ankawomba m'manja kuvomera. Kenako unkabwera mpata wa woimbidwa mlandu, atakhala pansi, manja ake ali omasuka, eni ake ali pambali pake, ndipo nayenso ankanena zake mpaka zithe. Mafunso ndiye ankabwera pambuyo, ndipo apa m'pamene panali luso limene ana a lero simudalione. Funso lofunsidwa m'mawa linkabweranso dzuwa litapendeka, atalitembenuza kuti lisadziwike. Mwezi unali utatuluka? Agalu a kwa auje adauwa? Mudaoloka pa ulalo kapena pamadzi? Nanga ngati ndi pamadzi, nsalu yanu mudaiyanika pati? Wonena zoona amabwereza chimodzimodzi ngakhale mumudzutse pakati pa usiku, koma wabodza amaiwala chimene wanena kadzutsa asanadye, ndipo atsibweni ankangomudikira adzikole yekha, osamukhudza ngakhale ndi kachitsotso. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ankatero akamafwenkha fodya wawo.

Chaka china, ndikadali kubusa mbuzi, chimanga chidayamba kusowa m'nkhokwe ya mayi wina wamasiye. Maso onse adagwera mkamwini wa pakhomo loyandikana, mnyamata wamanyazi wochokera kutsidya la mtsinje, poti mlendo ndiye sachedwa kulozedwa chala. Usiku anyamata a m'mudzimo adamugwira, n'kumumanga ndi luzi pamtengo wa khonde, n'kumukwapula ndi nsungwi mpaka adalira kuti, "Ndine, ndine, ndilekeni!" Kutacha adabwera naye kubwalo akunyada, amvekere, "Agogo, palibenso chozenga apa, wavomera kale."

Atsibweni adamuyang'ana mnyamata uja nthawi yaitali, mikwingwirima ili mbwee kumsana, diso limodzi litatupa. Adauza mayi wina kuti amupatse madzi, n'kulamula kuti luzi lidulidwe. Ndiye adatembenukira anyamata aja.

"Adavomera ali chikhalire kapena ali chimangire?"

"Ali chimangire, agogo."

"Kunja kutayera kapena kuli mdima?"

"Kuli mdima."

"Eni ake analipo?"

Palibe adayankha. Atsibweni adati mawu amenewo abwerere kumene adachokera, pabwalo pano sakhala, chifukwa idayankhula usikuwo ndi nsungwi, mnyamatayo adangoibwereka pakamwa. Mlandu wa chimanga adauimika kaye n'kuyamba ndi wa anyamata omenya aja, ndipo makolo awo adasonkha mbuzi yopepesera ankhoswe a mkamwiniyo atafika, pakuti nkhuyu zodya mwana zidapota wamkulu. Za chimangazo zidadzaululika patapita masiku, madoda awiri atatsata njere zogwa m'njira ndi kufunsa amayi otcheza kachasu kuti ndani wakhala akubwera ndi lichero lodzaza n'kubwerera ali dzandidzandi. Anali mphwake weniweni wa mayi wamasiye uja, wogona pakhomo pomwepo, ndiponso mmodzi mwa amene adagwira nsungwi usiku uja. Akadakhulupirira kulira kwa mkamwini, nkhokwe ikadapitirira kutha, mbala ikuseka.

Ndikudziwa kuti wophunzira wina akuti m'mtima mwake, nanga mwavi, agogo, mwauiwala? Sindidauiwale. Unalipo m'masiku a makolo a makolo athu, unkapha anthu, ndipo boma la atsamunda lidauletsa ndi lamulo la ufiti la 1911. Pamene ine ndinkadziwa zinthu, mabwalo a kwathu anali atautaya, ndipo atsibweni akamva wina akuutchula ankalavula. Chimene chimandiwawa n'choti mwaviwo sudafe, udangosintha chikho. Kale ankati thupi la munthu liulule mwa kusanza kapena kufa. Lero akuti thupi la munthu liulule mwa kulira, ndipo wolimba thupi, ngakhale ndi chigawenga, amatuluka woyera, pamene wofooka, ngakhale sadalakwe, amasenza mlandu wa mwini.

Chitseko chidalowa pakati pa munthu ndi eni ake ine ndikuona. Pa 3 Malichi 1959, bwanamkubwa Robert Armitage adalengeza kuti dziko lili pa chipwirikiti, ndipo mbandakucha wa tsikulo anthu adatengedwa m'nyumba zawo ali ndi zogonera. Dr Banda adapita naye ku Gwelo, anthu oposa 1,000 adatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, ambiri a iwo ku Kanjedza ku Limbe, ndipo ku Nkhata Bay anthu adaomberedwa padoko atasonkhana chifukwa cha abale awo amene adatsekeredwa m'sitima ya panyanja. Azungu okhaokha adachita nazo manyazi, moti woweruza wawo Patrick Devlin, amene adatumidwa kudzafufuza, adalemba kuti Nyasaland idasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi. Ife tinkati zimenezi n'za Chitaganya, zidzapita ndi eni ake. Tinkati mwana wa m'mudzi akadzatenga mpando adzakumbukira za pansi pa kachere.

Ufulu udabwera mu 1964, mbendera idasintha, koma makiyi a ndende adangochoka m'dzanja ili n'kulowa m'dzanja ilo. Lamulo losunga munthu popanda mlandu lidatsala, ndipo lidanenepa. Mayina amene kale anali a malo wamba adasanduka mayina onong'ona: Dzaleka, Mikuyu, Chichiri, Zomba, Nsanje. Msuweni wanga, mphunzitsi wa pulayimale, munthu wokonda kuseka ndi kuimba kwaya, adatengedwa madzulo ena ndi amuna atatu a majekete amene adabwera pa galimoto yopanda chizindikiro, ndipo nsima imene mkazi wake adali ataomola idazizira m'mbale mpaka m'mawa, popanda woilawa. Chimene chidatipweteka koposa n'choti ife eni ake, amene mwambo udatipatsa udindo wokhala pambali pake, sitidathe ngakhale kufunsa kuti ali kuti, poti wofunsa naye ankatsatira. Atsibweni anali atakalamba kwambiri pamenepo. Adavala jekete lawo la kutchalitchi, natenga ndodo kuti akaonekere monga mwini munthu, koma ana awo omwe adawagwira pakhomo akulira, nawalanda ndodoyo. Msuweni adabwerako patapita zaka, mano akutsogolo palibe, akuyenda motsimphina, ndipo kufikira tsiku limene tidamuika m'manda sadanene chimene adamufunsa kapena chimene adayankha. Chitseko chikamenyetseka ndi mphepo ankadzidzimuka n'kuimirira njo, manja kumbuyo.

Iye anali wamng'ono, wosadziwika. Akuluakulu a mayina ndiye mudawamva. Machipisa Munthali adakhala m'ndende zaka 27. Jack Mapanje, mlakatuli ndi mphunzitsi wa ku Chancellor College, adatengedwa mu 1987 n'kukhala ku Mikuyu mpaka 1991 osauzidwa mlandu wake pamaso pa woweruza aliyense. Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga adagwidwa mu Meyi 1983, ndipo mitembo yawo idapezeka ku Mwanza, dziko n'kuuzidwa kuti inali ngozi ya galimoto.

Koma bala limene silipola mumtima mwanga ndi la dzina la bwalo lathu. Anthu atayamba kuphedwa modabwitsa ku Chilobwe kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, boma lidapatsa makhoti amene lidawatcha a miyambo mphamvu zozenga milandu ya kupha, kenako ndi ya kuukira boma yomwe. Adakhazikapo mafumu, n'kunena kuti uku ndiko kuweruza kwa makolo athu. Makolo ake ati? M'makhoti amenewo loya sankaloledwa, ndiye kuti munthu ankaima yekha, chinthu chimene pansi pa kachere chinali chonyansa. Orton Chirwa, amene adayambitsa nawo chipani cha Malawi Congress mu 1959 ndi kukhalapo nduna ya zachilungamo, pamodzi ndi mkazi wake Vera, mayi woyamba m'dziko muno kukhala loya, adagwidwa mu Disembala 1981, ndipo khoti la mtundu umenewu lidawagamula kuti aphedwe mu 1983. Chilangocho chidasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. Orton adafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992, atakhala nthawi yaitali m'maunyolo a m'miyendo, ndipo Vera adatuluka mu Januwale 1993. Kuyambira pamenepo, mwana wa sukulu akamva za kuweruza kwa makolo amaganiza za zimenezo, ndipo ine ndikamuuza za mbuzi imene anyamata omenya adalipa amandiyang'ana ngati ndikumuimbira nthano.

Ndiye kudacha, kapena tinkayesa kuti kwacha. Kalata ya maepiskopi a Katolika idawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, riferendamu idachitika pa 14 Juni 1993, ndipo mu 1994 tidalandira malamulo aakulu atsopano a dziko. Mdzukulu wanga wina, amene adapita patali ndi sukulu, adandiwerengera ndime zake pakhonde akumasulira m'Chichewa, ine ndikusenda nzimbe, ndipo misozi idalengeza m'maso mwanga, pakuti ndinkamva mawu a atsibweni atavala Chingerezi. Ndime 19 ikuti munthu asazunzidwe mwa njira ina iliyonse, asachitidwe nkhanza kapena kunyazitsidwa, ndipo chikoti chisakhalenso chilango cha khoti. Ndime 42 ikuti womangidwa auzidwe chifukwa chake m'chiyankhulo chimene amamva, ali ndi ufulu wokhala chete, asakakamizidwe kuvomera mlandu, aonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo aloledwe kuonana ndi loya, mkazi kapena mwamuna wake, abale ake, mbusa wake ndi dokotala wa kumtima kwake. Malamulowo akutinso ufulu wosazunzidwa suchotsedwa ngakhale dziko litakhala pa chipwirikiti. Mu 1996 Malawi idalowanso m'pangano la United Nations la 1984 loletsa kuzunza anthu, limene limati dziko lililonse liike kuzunza pa mndandanda wa milandu yake, mawu ofinyidwa mwa munthu ndi ululu asalandiridwe ngati umboni, ndipo wozunza asadzikanire ponena kuti adatumidwa ndi bwana wake. Dzaleka idasanduka malo a anthu othawa nkhondo kwawo. Tidavina.

Papita zaka zoposa 30 tsopano, ndipo ndikanakonda kufa ndisanaone zimene ndidaona pa mwana wa mnansi wanga. Mnyamatayo ndi wakabaza, ankayendetsa njinga yamoto ya munthu wina, ndipo usiku wina achifwamba adamutchingira panjira n'kumulanda. Iye mwini ndiye adathamanga kukanena, koma mwini njinga adati wagulitsa yekha, ndipo adamutsekera m'chitokosi pa polisi ina imene sinditchula. Mayi ake adapita ndi nsima m'kontena atakulunga m'chitenje kuti isazizire, nagwada pakauntala, koma adauzidwa kuti, "Mayi, bwererani, mwana wanu tikucheza naye kaye." Kucheza kwake kunali kwa m'kachipinda ka kuseri, chitseko chotseka, maunyolo m'manja, chikwanje chikugwa chafulati kumsana ndi kumapazi. Adavomera. Akadamuuza kuti avomere kuti adaba mwezi kumwamba, akadavomeranso. Adamupatsa pepala lolembedwa m'Chingerezi, chimene iye adachisiyira mu Sitandade 5, nadindapo chala. Adakhala pa rimandi miyezi, mvula idagwa n'kutha, munda wa mayi ake udagonera, kufikira njinga ija idapezeka ndi anthu ena kutsidya kwa malire a Mozambique. Adangomutsegulira kuti azipita. Palibe adalipa mbuzi, ngakhale nkhuku, ngakhale liwu loti pepa. Lero akaponda pansi m'mawa amayamba waima kaye, akuluma mano, kudikira kuti mapazi avomere.

Ndidafunsa mdzukulu wanga uja kuti, kodi si iwe udandiwerengera ndime zokoma zija? Nanga pepala lodindidwa ndi chala chonjenjemera limalowa bwanji m'khoti? Adandifotokozera chinthu chimene chidandisowetsa tulo. M'lamulo la kazengedwe ka milandu ndi umboni, limene tidalitenga m'nthawi ya chipani chimodzi, muli ndime 176, imene imalola khoti kulandira chivomerezo cha woimbidwa mlandu ngakhale iye akudandaula kuti sadanene mwa kufuna kwake. Woweruza amangouzidwa kuti asachigwiritse ntchito pokhapokha atakhutira kuti munthuyo adanenadi mawuwo ndipo kuti zimene adanenazo n'zoona. Ndiye kuti funso limene atsibweni adayamba nalo, lakuti adavomera ali chikhalire kapena ali chimangire, lamulo lathu lidaliika kumapeto, pepala litalowa kale. Wapolisi wongoyamba kumene ntchito amaphunzira msanga kuti chikwanje chimafupikitsa ulendo, pakuti chimene wafinya usiku chikalandiridwa masana, adzavutikiranji kutsata njere m'njira? Adandiuzanso kuti m'buku lathu la milandu ndi zilango mulibe mlandu wotchedwa kuzunza womangidwa. Wozunza akagwidwa amazengedwa ngati munthu amene wamenya mnzake pamowa. Mu 2022, nthumwi za Malawi zitakaonekera ku Geneva pamaso pa komiti ya United Nations yoona za pangano lija, komitiyo idaloza mabowo awiri omwewa. Tidasaina mu 1996, ndipo zaka 26 pambuyo pake alendo ankatikumbutsabe zimene tidalonjeza tokha. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Za Buleya Lule dziko lonse lidamva. Adagwidwa mu Febuluwale 2019 pa mlandu wa kubedwa kwa mnyamata wachialubino wa zaka 14 wa kwathu konkuno ku Dedza, mlandu woopsa umene udatiimitsa mitima tonse, ndipo adafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe. Dokotala Charles Dzamalala atapima thupi lake adapeza kuti adaphedwa ndi mphamvu ya magetsi, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission lidanena poyera kuti munthuyo adazunzidwa. Ena m'mudzi muno ankati zamukwana, munthu woganiziridwa zoopsa chotero ngwomveranji chisoni. Ine ndinkawafunsa kuti, nanga zimene ankadziwa, ngati ankadziwadi kanthu, zili kuti tsopano? Zili m'manda. Ngati panali akuluakulu otuma ndi ogula, adapuma mpweya wabwino tsiku limenelo. Fupa lokakamiza lidaswa mphika, ndipo msuzi udatayikira m'phulusa. Patapita zaka zoposa zisanu khoti lalikulu lidapeza apolisi asanu ndi mmodzi olakwa pa imfa yake, ndipo ndikuyamika kuti mlandu sudawole. Koma adazengedwa chifukwa munthuyo adafa, ndiponso chifukwa nkhani yake idamveka pa wailesi ndi m'nyuzipepala. Akadatuluka wamoyo akutsimphina ngati mwana wa mnansi wanga, bwenzi ali kumudzi akuluma mano m'mawa, popanda womufunsa.

Sindikuti boma lidangokhala manja lende. Lamulo la apolisi la 2010 lidakhazikitsa bungwe la Independent Complaints Commission loti lizimva madandaulo a anthu pa apolisi, ngakhale lidatenga zaka pafupifupi khumi kuti liyambe ntchito, ndipo lamulo lomwelo lidalola kuti anthu wamba osankhidwa aziyendera zitokosi kukaona mmene omangidwa akukhalira. Mu 2009 oweruza adanena pa mlandu wa Gable Masangano kuti kuthithikana kwa akaidi m'ndende zathu ndi nkhanza yosemphana ndi malamulo aakulu, ndipo mu 2017 adathetsa ndime ya vakabu imene ankagwirira anthu oyenda usiku popanda cholakwa. Zonsezi n'zabwino. Koma mayi wa kumudzi kuno, amene ndalama ya minibasi yopita kuboma amachita kugulitsa nkhuku, bungwe la ku Lilongwe amalimvera pa wailesi basi, ndipo nkhani yake ikakhala yokhudza wapolisi amaopa kuti akadandaula kwa mnzake wa wolakwayo. Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Apolisiwo ndi ana athu omwe, ena ndidawaona akuyamwa. Ndikudziwa kuti amagwira ntchito galimoto ilibe mafuta, malipiro osafika pakati pa mwezi, bwana akufuna yankho mawa m'mawa, ndipo palibe adawakhazika pansi kuwaphunzitsa kufunsa kwa atsibweni, koleza mtima, kobwereza funso dzuwa litapendeka. Ndiponso tisanamizire iwo okha. Ndife tomwe, tikaberedwa foni kapena mbuzi, timapita kukanong'oneza wapolisi kuti, "Bwana, mufinyeni pang'ono aulula," mwinanso n'kusiyapo ya fanta. Ndife tomwe timathamangira matayala ndi petulo pamsika wina akangokuwa kuti wakuba, osafunsa n'komwe kuti waba chiyani, kwa yani. M'masiku a atsibweni wokuwa chotero akadafunsidwa kuti abweretse mboni, ndipo woponya mwala woyamba akadalipa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, koma mwambi umenewu masiku ano umangonenedwa pamaliro, anthu akuyang'ana mafoni awo.

Maloya achinyamata ndi a mabungwe akamayankhula pa wailesi kuti lamulo likhwime, ena amati n'zachizungu, zobwera ndi ndalama za kunja. Ine ndimaseka chowawa. Akuti kuzunza womangidwa kukhale mlandu paokha, wa chilango cholemera, wogwera womenyayo pamodzi ndi bwana amene adamva kulira n'kutseka zenera: imeneyo ndi mbuzi ija makolo a anyamata adasonkha. Akuti ndime 176 ichoke, kuti munthu akangoti ndidavomera chifukwa cha ululu, boma ndilo lisonyeze kuti sizidatero, apo ayi pepalalo libwerere kumene lidachokera. Akuti munthu asafunsidwe popanda loya kapena mbale wake, ndipo dokotala amuone polowa ndi potuluka m'chitokosi. Ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri. Ena akutinso kufunsako kuzijambulidwa, ndipo apa ndiye ndimadabwa, chifukwa adzukulu anga amajambula chilichonse, mbale ya nsima, mwana akugwa, ngakhale bokosi la maliro likutsikira m'manda, koma kachipinda kamodzi kokha kamene kakufunikadi maso a anthu ndiko kalibe wojambula. Ife tinalibe makina otero, n'chifukwa chake tinkaitana mudzi wonse kuti ukhale maso ndi makutu, ndipo wamisala yemwe ankapatsidwa mpata wonena chimene waona, poti wamisala adaona nkhondo.

Kachere uja adadulidwa kalekale, adaotchera njerwa. Amfumu a lero amazengera milandu pakhonde la nyumba ya malata, mwachangu, maso ali pa chabwalo, ndipo nkhani ikangokula pang'ono amati pitani nayo kupolisi, ngakhale akudziwa chimene chikadikire mwana wa mwini kumeneko. Anzanga amene tinkanjuta nawo kuseri kwa mizu adatha, watsala mmodzi yekha ndipo sakumvanso. Mawu a akuluakulu akoma akagonera, koma athuwa agonera mopitirira, mpaka ayamba kuiwalika ndi eni mudzi omwe.

Malamulo amasinthidwa ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, ndipo kumeneko miyendo yanga singafikeko. Koma phungu wa dera lathu amabwera pamaliro aliwonse aakulu, amagula bokosi, amapatsidwa mpata woyankhula pambuyo pa amfumu. Ndauza mdzukulu wanga kuti andilembere nambala ija pa kapepala ndi zilembo zazikulu, 176, ndipo ndakasunga m'thumba la jekete limene ndimavala popita kumaliro. Akadzabwera kudzandigwira chanza, monga amachitira ndi nkhalamba anthu akamaona, sindidzalisiya dzanja lakelo msanga. Ndidzamufunsa ngati adaiwerengapo ndimeyo, ndipo akadzati adzaiona, ndidzamuitanira mwana wa mnansi wanga kuti avule nsapato.